Mbeu ya kapinga pa bwalo la chalichi: cimene mwaphimbira ndico mudzapalira

M'maparishi ambiri a kuno kum'mawa, kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi, nkhani ya kubzala kapinga pa bwalo la chalichi imabuka pa msonkhano wa khonsolo mwezi wa Okutobala, pamene fumbi lafika polowa m'mabuku a nyimbo ndi kudetsa nsalu za pa guwa. Imabukanso mu Febuluwale, pamene matope afika pa khomo ndipo madzi ocokera pa malata ayamba kukumba m'mbali mwa maziko. Ndalama zimasonkhedwa, wina amatumidwa ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula mbeu ya m'mapaketi, acinyamata amalima bwalo, ndipo pakapita mwezi umodzi cimene camera ndi bonongwe, cisoso ndi dawe. Pamenepo manong'onong'o amayamba. Ena amati wogulitsa anatinamiza, ena amayamba kufunsa msungicuma kuti malisiti ali kuti. Koma kawiri-kawiri mbeu imakhala ilibe mlandu, ndipo msungicuma nayenso alibe. Zinthu zimalakwika pa tsiku lokonza nthaka ndi pa tsiku lophimba mbeu.

Ife alimi tinazolowera cimanga, nshawa ndi nyemba. Mbeu zimenezi ndi zazikulu, zimanyamula kamba wokwanira, ndipo ngakhale mutazikwirira kuya kwa cala zimaboola nthaka ndi kutuluka. Mbeu ya kapinga siili conco. Mu kilo imodzi ya cimanga muli njere pafupifupi 3,000 kapena 4,000, pamene mu kilo imodzi ya kapinga muli njere zoposa mamiliyoni atatu. Kanjere kotere kali ndi cakudya cocepa kwambiri. Mukakakwirira ndi khasu monga mumacitira ndi cimanga, kamamera ndithu, koma kamafera m'njira kasanaone dzuwa. Mukakasiya pamtunda popanda kanthu, nkhuku, njiwa ndi mpheta zimatola, nyerere zimanyamula, ndipo mvula yoyamba yamphamvu imakokolola zotsalazo ndi kukaziunjika mu ngalande. Cimene kanjereka kamafuna ndi kukhudzana ndi nthaka yacinyezi, ndi kuphimbidwa mosapitirira theka la sentimita, ndiko kuti kukhuthala kwa mitengo iwiri ya macisi.

Kafesedwe kake si kovuta. Pa mbeu ya kapinga wamba yocotsedwa makoko, magalamu 5 mpaka 10 amakwana pa sikweya mita imodzi, motero bwalo la mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi lifuna makilo 3 mpaka 6. Werengani zolembedwa pa paketi cifukwa mitundu imasiyana. Sakanizani mbeu ndi mcenga wouma kuti dzanja lisaunjike pamodzi, gawani pawiri, theka loyamba mufese mukuyenda kucokera kum'mawa kupita kumadzulo, theka linalo kucokera kumpoto kupita kum'mwera. Kenaka pitanipo ndi leki mopepuka, kapena kokanipo nthambi yamasamba. Comaliza ndi kutsendera. Pindani dilamu lokhala ndi madzi kapena mcenga theka, kapena ikani thabwa pansi ndi kuyendapo. Ambiri amadumpha nchito imeneyi cifukwa imaoneka ngati masewera, koma ndiyo imamatiza njere ku nthaka.

Tsopano tifike pa cophimbira, cifukwa apa ndi pamene maudzu ambiri amalowera, ndipo amalowa ndi manja a anthu a mtima wabwino.

Ansembe akalengeza kuti pafunika manyowa, amene ali ndi ng'ombe amabweretsa ngolo ya ndowe za m'khola, ndipo onse amaomba m'manja. Koma ng'ombe idya ciani cilimwe conse? Idya mapesi ndi maudzu okhwima a m'minda, pamodzi ndi njere zake. Njere zambiri za bonongwe ndi za cigombe zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo, ndipo zimatuluka zitakutidwa kale ndi cakudya cao. Tsinde limodzi la bonongwe limabala njere zikwi makumi-makumi. Mukayala ndowe zotere pamwamba pa kapinga, mwafesa mbeu ziwiri pa tsiku limodzi, ndipo ya bonongwe ndiyo imathamanga. Manyowa oyenera kuphimbira ndi amene anaunjikidwa pa mulu, nathiridwa madzi, natembenuzidwa kangapo mpaka anatentha mkati. Kutentha kwa madigiri 55 mpaka 60 kwa masiku angapo kumapha njere zambiri za maudzu. Mulibe coyezera, lowetsani ndodo yacitsulo pakati pa mulu, ndipo mukaisolola ikhale yovuta kugwira. Kompositi yotere ndiyo imene Kasisi Agricultural Training Centre ya ansembe a Jesuit, pafupi ndi Lusaka, yomwe inayamba mu 1974, yakhala ikuphunzitsa alimi kwa zaka zambiri. Ikapsa imakhala yakuda, yofumbutuka, yosanunkha. Isefeni, ndipo muwaze pang'ono cabe ngati mmene amai amawazira ufa pa madzi a nsima.

Mphatso ina yoopsa ndi dothi lakuda la ku dambo. Limaoneka la conde ndipo m'matauni amaligulitsa pa malole, koma m'menemo ndimo mumakhala timbatata ta dawe. Amene anamenyanapo ndi dawe m'dimba adziwa kuti mukazula tsinde, kambatata kamatsala pansi ndi kuphukanso, ndipo kamatumiza mizu imene imabala timbatata tina. Ngolo imodzi ya dothi lotere ingakupatseni nchito ya zaka zambiri. Ngati mufuna dothi lophimbira, mcenga woyera wa ku mtsinje wosakaniza ndi kompositi yakupsa ndiwo wabwino. Dothi la pa culu lili ndi njere zocepa, koma likanyowa ndi kuuma limapanga cikhakha colimba cimene timasamba ta kapinga sitingaboole, conco lisaikidwe lokha.

Nanga udzu wouma? Umathandiza kwambiri, cifukwa umasunga cinyezi, umacepetsa mphamvu ya madontho a mvula ndipo umabisa mbeu kwa mbalame. Koma udzu wochecha m'mbali mwa mseu mwezi wa Epulo kapena Meyi umakhala ndi ngala zokhwima, ndiponso cisoso comamatira. Udzu wabwino ndi umene wachechedwa usanacite maluwa ndi kuumitsidwa, kapena udzu wakale wosasula pa denga, mutaukung'untha kutali ndi bwalo. Pouyala musacite ngati mukufolera nyumba. Mukaimirira ndi kuyang'ana pansi, muziona nthaka pafupifupi theka. Udzu woculuka umachinga kuwala, umaolesa timbeu, ndipo umaitana ciswe pafupi ndi mitengo ya nyumba ya Mulungu. Makoko a nshawa osinja-sinja ndi mankhusu a mpunga, kwa amene ali kufupi ndi zigayo za ku Chama ndi Lundazi, amagwira nchito yomweyo ngati awazidwa mopyapyala. Utuci wa kwa akalipentala sindiulimbikitsa. Ukamaola umalanda cakudya ca m'nthaka cimene kapinga wamng'ono afuna, ndipo udzu umatuluka wacikasu.

Pa malo otsetsereka, pamene mvula imakokolola ciliconse, yalani ziguduli ndi kuzikhomera ndi timitengo. Madzi amalowa, mpweya umalowa. Muzisuzumira pansi pake tsiku ndi tsiku, ndipo mukaona timasamba tayamba kutuluka muzicotse madzulo, tisanalowe m'maso mwa ciguduli. Masaka a pulasitiki a fataleza asagwiritsidwe nchito imeneyi, cifukwa dzuwa la Disembala limawasandutsa mphika.

Pali cinthu cina cacing'ono cimene ndimaona ndikamayendera masenta. Amai a m'mabungwe amene amasesa pa Ciweru amakhala kuti sanauzidwe, ndipo akapeza zinyalala pa bwalo la chalichi amacita cimene akhala akucita mokhulupirika kwa zaka makumi. Amasesa cophimbira, mbeu ndi zonse, nasiya mizere yokongola ya tsache. Auzeni, ndipo mucite kuwauza pa cilengezo ca pa Sondo, osati kudzera mwa mwana.

Komatu ngakhale cophimbira cikhale coyera bwanji, nthaka yeni-yeniyo ili ndi nkhokwe yake ya njere za maudzu, zimene zakhala zikugwa caka ndi caka. Njira yoziononga siifuna ndalama, ifuna kudikira. Limani ndi kusalaza bwalo mvula isanagwe. Ngati pali dawe, mwezi wa Seputembala ndi Okutobala ndiwo mwai wanu. Tembenuzani nthaka kuti timbatata tikhale pamtunda, tolani amene mungathe, ndipo otsalawo dzuwa liwaumitse kwa milungu iwiri kapena itatu. Mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa, musafese. Lekani bwalo libiriwire ndi maudzu. Pakapita milungu iwiri, akali ndi masamba awiri kapena anai, apaleni pamwamba cabe, khasu lisalowe kupitirira masentimita awiri. Mukalima mozama mumafukula njere zatsopano zimene zinali mtulo, ndipo nchito yonse imabwerera pambuyo. Ngati mungathe, dikirani kuti amerenso ndi kupalanso kaciwiri. Pamenepo ndiye fesani, nthaka itanyowa bwino, ndipo D Compound pang'ono ikhale italowetsedwa kale pokonza. Urea isungeni mpaka kapinga atagwira, cifukwa mukaithira msanga imatentha timizu ndi kunenepetsa maudzu.

Wowerenga amene ali mu khonsolo waona kale vuto. Kudikira kotere kumatifikitsa pakati pa Disembala, ndipo pasanathe milungu iwiri pali Khirisimasi, tsiku limene bwalo limadzala ndi anthu, njinga ndi ana a Stella. Kapinga wongomera kumene safuna phazi kwa milungu 6 mpaka 8. Motero mwina mumange mpanda wa minga kapena wa nsungwi ndi kusiya njira zotakasuka, kapena mufese cikondwerero citapita, kumayambiriro kwa Januwale, kuti pofika Sondo ya Kanjedza udzu ukhale utagwirana. Mpandawo ufunika ndithu, cifukwa mbuzi ndi nkhumba za m'mudzi sizimva cilengezo. Za njira, musalimbane ndi anthu. Pamene adutsa kale pocokera ku mseu kapena ku citsime, pamenepo ikani miyala kapena njerwa. Citani cimodzimodzi pansi pa malata pamene madzi amagwera, ndipo pansi pa mitengo ya mango musataye mbeu, kapinga sakonda mthunzi.

Vuto laciwiri ndi la manja. Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene mkhristu aliyense ali ndi khasu m'munda mwake, ndipo sikungakhale cilungamo kumuimba mlandu kuti sanabwere kudzazula cisoso pa chalichi pamene cimanga cake cili m'chire. Madzinso awerengedwe. Njere ikangoyamba kumera kenaka ndi kuuma, yafa, siidzukanso. Kukacita ng'amba m'milungu itatu yoyamba, pafunika kuthirira pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndi kheni ya maso ang'ono. Kunyowetsa bwalo lija la masikweya mita 600 ndi madzi a mamilimita 3 cabe kufuna malita 1,800, ndiko kuti zigubu 90 za malita 20, pa ulendo umodzi. Tonse tikumbuka dzinja la 2023 kulowa 2024, pamene mvula inadula pakati ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Caka cotere palibe amene angavomere kuti madzi a pa citsime ca mudzi apite ku udzu. Ine uphungu wanga ndi wakuti parishi iyambe ndi kamalo kamene anthu khumi angathirire ndi kupalira mu ola limodzi Misa itatha, ndipo caka camawa ionjezere.

Kapinga wamba amayamba kuoneka patapita masiku 7 mpaka 14, Kikuyu amacedwerapo. Pamodzi naye padzamera maudzu ena, cifukwa palibe nthaka imene imayera kotheratu. Apa acangu amafuna kulowa ndi makasu, ndipo apa ndi pamene fanizo la namsongole la mu Mateyu 13 limaonetsa kuti linacokera kwa wodziwa za kumunda. Mwini munda analetsa anchito ake kuzula msanga poopa kuti angazulire pamodzi ndi tirigu. Pa kapinga wa milungu iwiri zili cimodzimodzi. Mizu yake ndi yaifupi ngati tsitsi, ndipo mukazula tsinde la bonongwe limanyamula cibuma cokhala ndi timbeu makumi. Kusiyana kwake ndi kwakuti ife sitidikira mpaka nyengo yokolola, tidikira mpaka tsiku lochecha koyamba.

Kapinga akafika masentimita 7 kapena 8, chechani pamwamba, osacotsa koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Cikwakwa cikhale cakuthwa ngati lumo ndipo nthaka ikhale youma, apo ai cimazula m'malo modula. Cinsinsi cake ndi ici. Bonongwe, cisoso ndi mwamunaaligone zimakulira ku nsonga, motero mukazidula mutu kawiri katatu zimafooka ndi kufa zisanabale njere. Kapinga amakulira pansi, ndipo akadulidwa amatambalala ndi kutseka mipata. Maudzu ambiri amene amaopsa anthu mwezi woyamba amatha ndi cikwakwa cokha. Otsala ndi aja oyanga ndi a mizu yolimba. Cigombe cizulidwe ndi mpeni cikali cacing'ono, nthaka ili yonyowa, phazi limodzi litaponda pambali kuti kapinga asanyamuke. Khovani mukazula musamusiye pomwepo, cifukwa kaphindi kalikonse kamagwiranso. Mutengereni kutali akaume. Dawe muzimuzula nthawi iliyonse akangotulutsa masamba, kuti timbatata tizitha mphamvu, ndipo musayembekeze kumumaliza caka cimodzi. Bonongwe ndi cisoso cozula musanathirepo mankhwala ndi ndiwo, zipite ku mphika.

Za mankhwala ndilankhule mosabisa, cifukwa masiku ano ali m'sitolo iliyonse ya zaulimi ndipo pa khonsolo sipalephera wina wonena kuti tingopopera. Glyphosate amapha comera ciliconse cobiriwira. Angathandize musanafese, pa maudzu amene amera ndi mvula yoyamba, koma mukafesa asayandikirenso. Atrazine ndi ena amene timapopera m'cimanga kuti maudzu asamere amakhala m'nthaka kwa nthawi yaitali, ndipo sasiyanitsa njere ya cisoso ndi njere ya kapinga. 2,4-D amapha maudzu a masamba otambalala ndi kusiya kapinga, koma kapinga wake akhale wokhwima, wochechedwa katatu kapena kanai. Ndipo mankhwala amenewa ali ndi ngozi imene ife a kum'mawa tiyenera kuidziwa bwino. Thonje limamva 2,4-D ngakhale wocepetsetsa, cimodzimodzi matimati. Kamphepo kocepa kamamuulutsira m'munda wa pafupi, ndipo masamba a thonje amapota ndi kuwonda ngati zala. Coopsa koposa ndi copopera cobwereka. Mkhristu amapereka copopera cake ca thonje ndi mtima wabwino, cimagwira nchito pa chalichi, cimatsukidwa ndi madzi cabe, ndipo mlungu wotsatira cimakaononga munda umene unali ciyembekezo ca fizi ya ana. 2,4-D sacoka msanga m'mapaipi ndi m'thanki. Parishi imene ilibe copopera cake-cake ca mankhwala a udzu isayambe dala. Ngati mwagamula kugula, gulani kwa wogulitsa wa cilolezo ca ZEMA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia mu 2011, botolo likhale ndi cizindikiro cake, ndipo funsani alangizi a zaulimi. Kumbukiraninso kuti pa bwalo limeneli ndi pamene ana a katekisimu amakhala pansi opanda nsapato.

Kwa inu oweta ng'ombe amene mufuna kufesa msipu, malamulo ndi omwewa. Udzu wa Rhodes uli ndi njere zopepuka ngati mankhusu ndipo sufuna kukwiriridwa mozama. Mtundu wake wina wochuka, Katambora, unatenga dzina ku malo a m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa Livingstone, ndipo alimi a fodya a ku Zimbabwe anaugwiritsa nchito kwambiri posinthanitsa mbeu kuti acepetse tizilombo totupitsa mizu. Koma wotumidwa kukagula mbeu ya pa chalichi asanyengeke ndi kutsika mtengo kwake. Rhodes ndi cakudya ca ng'ombe, amatalika kufika m'ciuno, ndipo pamenepo aja amene amati udzu umaitana njoka adzakhala atanena zoona. Kikuyu nayenso, amene kwao ndi ku mapiri a ku Kenya, amakongola pamene pali mpopi, koma pa malo otentha opanda madzi amavutika.

Ndipo ngati thumba la parishi ndi lopepuka, mbeu ya m'paketi siofunika kweni-kweni. Kapinga ali ponse-ponse, m'mbali mwa mabwalo a mpira ndi m'minda mmene alimi amamutaya tsiku ndi tsiku. Banja lililonse libweretse mtolo wa zingwe zake, muzitsuke mizu kuti zisabwere ndi dawe, ndipo muzibzale m'mizere yotalikirana masentimita 20 mpaka 30, mfundo ziwiri pansi, nsonga kunja. Nkhuku sizitola, mvula siikokolola, ndipo pakati pa mizere mungapalire ndi kakhasu popanda mantha. Cofunika cabe ndi kukumba kangalande kuzungulira bwalo ndi kumadula zingwe zimene zaoloka, cifukwa kapinga yemweyo akalowa m'dimba la ansembe kapena m'munda wa oyandikana nao, dzina lake limasintha.

Mwezi wa Juni ndi Julaye, kukazizira ndi kuuma, kapinga amasanduka wotuwa ngati wafa. Musamulime, musamusese mpaka mizu, ndipo anyamata osaka mbewa asaikepo moto. Mpanda ukhalebe mpaka dzinja laciwiri, cifukwa cilimwe mbuzi zimadya mpaka kufukula mizu. Mvula ya Novembala ikagwa adzaphuka yekha, ndipo mipata imene yatsala muitseke ndi zingwe zodula m'mbali mwa bwalo lomwelo.